Osonkha Asakhale mu Mdima Pamene Mukumaliza Filimu

Tsiku limene kamera yazimitsidwa komaliza, anthu amene anasonkha ndalama amaganiza kuti filimu yatha. Aona zithunzi pa Facebook, osewera akukumbatirana, wina akupinda zingwe, wina akukweza nyali m'galimoto, ndipo m'mitima mwawo akuwerengera kuti mwezi wamawa aonera. Inu amene muli m'katimo mukudziwa kuti apa m'pamene ntchito yaitali ikuyamba. Ndi ntchito ya m'chipinda, ya anthu awiri kapena atatu oyang'anizana ndi kompyuta, yopanda chithunzi chokoma choti n'kuonetsa anthu. Opanga mafilimu odziimira paokha ambiri amatayana ndi osonkha awo pa nyengo imeneyi. Poyamba amakhala chete chifukwa chotanganidwa. Kenako tsiku limene analonjeza limadutsa, manyazi amawagwira, ndipo mwezi uliwonse wodutsa umachititsa kuti kulemba kuvutirevutire.

Kuchedwa pakokha si chachilendo. Ethan Mollick wa ku University of Pennsylvania anatsatira ntchito zosonkheredwa pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama, ndipo mu 2014 anasindikiza zoti zoposa 75 pa 100 mwa zimene anazifufuza zinapereka zolonjeza mochedwa. Kafukufuku wake wina wa mu 2015 anapeza kuti zolephereratu zinali pafupifupi 9 pa 100. Ndiye kuti ochuluka amachedwa koma amafika ndithu. Vuto ndi loti wosonkha ali kunyumba kwake alibe njira yodziwira ngati inu muli m'gulu la ochedwa kapena la odya ndalama. Akudalira mawu anu okha, ndipo mawuwo akasowa, mphekesera zimalowa m'malo mwake.

Yambani ndi kaundula

Musanalembe uthenga uliwonse, khalani pansi mulembe kaundula wa aliyense amene anaponya kangachepe: dzina, ndalama imene anapereka, kumene inadzera, chimene munamulonjeza, ndi nambala kapena imelo yomupezera. Amene anasonkhetsa pa Kickstarter kapena Indiegogo zambiri mwa izi amazipeza zitalembedwa kale. Koma Kickstarter ndi GoFundMe salola munthu wokhala ku Malawi kutsegula msonkhe m'dzina lake, choncho kwa ambiri a ife ndalama zimabwera mosakanikirana. Zina zadzera pa Airtel Money, zina pa TNM Mpamba, zina ku banki, zina kwa mlongo wa ku Manchester amene anatitsegulira tsamba, zina zaperekedwa m'manja potuluka m'tchalitchi. Mauthenga a pa foni amafufutika, foni imabedwa. Sonkhanitsani zonse pamalo amodzi, kaya m'kope la chikuto cholimba kaya mu Google Sheets, ndipo munthu wachiwiri akhale nazonso.

Pomwepo funsani aliyense kuti dzina lake lidzalembedwe bwanji pa mayina otuluka kumapeto kwa filimu. Musadalire dzina limene linaoneka pa Mpamba, chifukwa nthawi zambiri ndi la mwini simu kapena la ajenti amene anatumiza. Ena amafuna palembedwe dzina la malemu mayi awo, ena la bizinesi yawo, ena safuna kutchulidwa n'komwe. Munthu amene anapereka K5,000 kuti dzina lake lioneke adzadikira mayina onse aja kufikira aone lake, ndipo chilembo chimodzi chikalakwika chidzamupweteka kuposa miyezi yonse imene munachedwa. Filimu ikatsekedwa, kukonza dzina limodzi kumafuna kutulutsanso fayilo yonse.

Sankhani wolemba, njira ndi tsiku

Ntchito yolemba mauthenga ikhale ya munthu mmodzi wodziwika. Ine ndimaona kuti isakhale ya dayilekita, chifukwa iyeyo mutu wake uli pa filimu, ndipo ndi amene manyazi amamugwira kwambiri zinthu zikachedwa. Apatsidwe producer kapena wina wa m'gulu amene amayankha foni ndipo sapsa mtima msanga. Dayilekita azionjezapo mawu ake pang'ono, popeza anthu amafuna kumva kwa iye, koma udindo woonetsetsa kuti uthenga watuluka ukhale wa wina.

Kenako sankhani tsiku, mulilengeze. Kamodzi pamwezi n'kokwanira pa nyengo yomaliza filimu. Sabata iliyonse mudzasowa chonena ndipo mudzayamba kudzaza ndi nkhambakamwa. Nenani poyera kuti, mwachitsanzo, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse azimva kuchokera kwa inu. Tsiku lodziwika limakumangani inuyo, komanso limapatsa anthu mtendere, chifukwa munthu amene akudziwa kuti amva liti safunsa tsiku ndi tsiku. Lisungeni ngakhale mwezi umene palibe chachitika. Kulemba kuti "mwezi uno editor wathu amadwazika bambo ake, ntchito inaima, tiyambiranso pa 10" ndi uthenga wokwanira.

Pa njira yotumizira, ganizani za chinsinsi cha anthu. Gulu la pa WhatsApp limaonetsa nambala ya aliyense kwa aliyense, ndipo si onse amene anavomera zimenezo. Mukatsegula gulu, auzeni kaye, ndipo muikemo kuti ma admin okha ndiwo azilemba, apo ayi lidzadzaza ndi mauthenga a m'mawa ndi malonda mpaka uthenga wanu udzamira. Broadcast list ya pa WhatsApp, yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri aliyense payekha, imabisa manambala, koma imatenga anthu 256 okha, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Pa imelo, ma adiresi onse alowe pa BCC, malo amene amabisa ma adiresi kuti olandira asaone a anzawo. Pa Kickstarter pali mwayi wosankha kuti uthenga uonedwe ndi osonkha okha kapena ndi aliyense. Njira iliyonse imene mwasankha, ikhale imodzi yodziwika, ndipo osonkha azimva kaye kumeneko nkhani isanafike pa tsamba lanu la Facebook.

Kumbukiraninso bandulo. Kavidiyo ka mphindi imodzi kamatseguka pa foni iliyonse; ka mphindi khumi ambiri amakadumpha. Kwa achikulire amene kuwerenga pa foni kumawavuta, jambulani mawu a mphindi ziwiri onena zomwezo.

Afotokozereni ulendo wotsala

Uthenga wanu woyamba mukamaliza kujambula ukhale wophunzitsa. Osonkha ambiri sanaonepo mmene filimu imamalizidwira, ndipo si mlandu wawo. Mukawaonetsa masitepe onse otsala, miyezi ikubwerayo adzatha kuona pamene mwafika m'malo mongomva kuti "tikugwirabe ntchito."

Auzeni kuti choyamba editor amaonera zonse zimene zinajambulidwa, zimene nthawi zambiri zimakhala maola ochuluka kwambiri kuposa utali wa filimuyo, n'kulumikiza zithunzi ndi mawu ake. Kuchokera apo amapanga rough cut, filimu yoyamba yaitali ndi yosasalala, imene imadulidwa ndi kusinthidwa kangapo, nthawi zina mpaka kuona kuti pali malo ena ofunika kukajambulanso. Aliyense akakhutira pamabwera picture lock, kutanthauza kuti zithunzi sizisunthanso. Akatswiri a mawu ndi a mitundu sangayambe ntchito yawo yeniyeni izi zisanachitike, ndipo n'chifukwa chake kuchedwa kwa editing kumakankha china chilichonse.

Ikatero imalowa ntchito ya mawu, imene anthu ambiri amaipeputsa. Phokoso la mphepo ndi la jenereta liyenera kuchotsedwa, zolankhula zosamveka ziyenera kujambulidwanso mu studio, mapazi ndi zitseko ziyenera kumveka, ndipo zonse zisakanizidwe kuti nyimbo isameze mawu a osewera. Nyimbo nazo zili ndi eni ake. Nyimbo iliyonse ya munthu wina imafuna chilolezo cholembedwa, ndipo kwathu kuno a COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni nyimbo ndi zaluso zina, angakuunikireni za mwini wake ndi njira yake. Pali kukonza mitundu kuti zojambulidwa masana ndi zojambulidwa kukuchita mitambo zigwirizane. Pali ma subtitle, ngati filimu ndi ya m'Chichewa ndipo mukufuna ikaonedwe kunja. Pali DCP, mtundu wa fayilo umene nyumba zoonetsera mafilimu ndi zikondwerero za mafilimu zambiri zimafuna. Ndipo musanaonetse pagulu ku Malawi, filimu iyenera kudutsa ku Censorship Board kuti aione ndi kuiika pa msinkhu wa oyenera kuonera.

Mukamaika nthawi pa masitepe amenewa, musalembe tsiku limene mungamalize zonse zitayenda bwino, chifukwa siziyenda bwino zonse. Magetsi adzazima pakati pa kutulutsa fayilo, katswiri wa mawu adzapeza ntchito yolipira bwino n'kukuikani pambali kaye. Werengani nthawi imene mukuganiza, muonjezepo theka lake, ndipo mutchule mwezi kapena nyengo m'malo mwa deti. Deti lenileni lisungeni kufikira holo italipiridwa.

Kalembedwe ka uthenga wa mwezi

Uthenga wabwino ndi waufupi ndipo umayankha mafunso amene wosonkha ali nawo kale mumtima: mwachita chiyani, chavuta n'chiyani, tsiku lasuntha kapena ayi, ndipo tidzamvanso liti. Tiyerekeze filimu ina imene ili pa editing. Uthenga wake wa kumayambiriro kwa Juni ungamveke motere:

"Abale athu nonse amene munasonkha, tikupatsani moni. M'mwezi wa Meyi talumikiza magawo awiri mwa atatu a filimu. Latsala gawo la kunyanja. Chimene chavuta ndi mawu. Pa zochitika zinayi za pamsika, phokoso la chigayo chapafupi lameza zolankhula za osewera, ndiye tiwaitananso kuti adzalankhule mu studio. Izi zitidyera masabata atatu ndi K350,000 imene sitinaiwerengere, ndipo tiichotsa pa ndalama yolengezera. Kumaliza kwasuntha kuchoka mu Ogasiti kufika mu Okutobala. Taikapo kavidiyo ka masekondi 40 kuti mumve nokha mmene chigayocho chikumvekera. Tidzalembanso Loweruka loyamba la Julayi."

Taonani kuti mulibe mawu okuza zinthu, mulibe "zazikulu zikubwera" kapena "khalani tcheru." Mawu otere ndi a malonda, ndipo anthu awa anagula kale. Kavidiyo ka chigayo kaja kamachita ntchito yaikulu kuposa chithunzi cha osewera akumwetulira, chifukwa wosonkha akamva yekha phokosolo amamvetsa chifukwa chake masabata atatu apita, ndipo amaona ngati ali nanu m'chipindamo. Zinthu zazing'ono zotere zilipo zambiri: chithunzi chimodzi chisanakonzedwe mitundu ndi chitakonzedwa, khoma lodzaza timapepala ta zochitika za m'filimu, woimba akuyesa kanyimbo ka poyambira. Jambulani zoterezi pamene zikuchitika, muzisunge, kuti tsiku lolemba lisakupezeni manja ali m'khosi.

Za ndalama, osabisa Chichewa

Pa maliro, mwambo usanathe, munthu amaimirira n'kuwerenga chipepeso: a mpingo apereka zakuti, a kuntchito zakuti, bokosi ladya zakuti, zatsala zakuti. Palibe amene amati anamfedwa akuganiziridwa zakuba. Ndi ulemu chabe kwa amene anapereka. Msonkhe wa filimu umafunanso ulemu womwewo.

Yambani ndi kusiyana kwa ndalama imene anthu anaona pa tsamba ndi imene inafika m'manja mwanu. Kickstarter imadula 5 pa 100, ndipo oyendetsa malipiro a makadi amadulanso pakati pa 3 ndi 5 pa 100. Malonjezo ena amagwa chifukwa khadi lakana. Ndalama yochokera kunja imadulidwanso potumiza, ndipo ya pa foni imadulidwa potapa. Anthu akapanda kuuzidwa, amawerengera nambala yaikulu ija.

Kenako, miyezi itatu iliyonse kapena mukamaliza gawo lalikulu, perekani lipoti losavuta: zinalowa, zatuluka m'magulu akuluakulu monga editing, mawu, mitundu, mayendedwe ndi zilolezo, ndi zatsala. Simuyenera kuulula malipiro a munthu aliyense payekha, chifukwa icho ndi chinsinsi chake. Malisiti asungeni, ngakhale ongolemba pamanja. Ngati mtengo wa zinthu wasintha, nenani chifukwa chake. Amene anasonkha makwacha chaka cha 2023 chisanathe akukumbukira kuti mu Novembala chaka chimenecho ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100, ndipo chilichonse cholipira m'madola, monga hard drive, mapulogalamu a pa kompyuta ndi ndalama zolembetsera ku zikondwerero pa FilmFreeway, chinakwera tsiku limodzi. Zoterezi wosonkha amazimvetsa msanga chifukwa nayenso zinamukhudza, bola mumuuze.

Chinthu chimodzi musachikhudze: ndalama ya mphatso zimene munalonjeza. Ngati munati opereka zakuti adzalandira tisheti, posita kapena tikiti, werengani mtengo wake pamodzi ndi wotumizira, muiike padera lero lomwe. Pa editing ndalama imasowa nthawi zonse, ndipo chiyeso chobwereka pamenepo chimakhala chachikulu.

Zikavuta

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Hard drive yafa ndipo zochitika zina zapita. Wosewera wamkulu wasamukira ku Johannesburg musanajambulenso mbali yake. Mwayambana ndi editor ndipo wakaniza mafayilo. Ndalama zatha filimu ili pakati. Mtima umakuuzani kuti mudikire kaye mpaka mutapeza yankho, kuti mudzanene vuto pamodzi ndi kukonza kwake. Musaumvere. Yankho limatha kutenga miyezi, ndipo pa miyezi imeneyo wina wa m'gulu lanu adzakhala atauza kale mnzake, mnzakeyo atalemba pa Facebook. Wosonkha akamva nkhani yoipa kwa inu amakhumudwa. Akaimva kwa wina, amayamba kukayikira ndi zonse zimene munamuuza kale.

Choncho lembani pasanathe sabata, osadikira tsiku la mwezi lija. Ikani vutolo m'chiganizo choyamba, osati pansi pa ndime zitatu za zikomo. Nenani chimene chachitika, chimene chikusintha pa nthawi ndi pa ndalama, chimene mukuyesa, ndi tsiku limene mudzanenenso. Ngati simukudziwa kuti zitha bwanji, nenani kuti simukudziwa, mutchule njira ziwiri kapena zitatu zimene mukuziganizira. Musatchule dzina la munthu amene mwayambana naye ndipo musamunyoze. Osonkha sanapereke ndalama kuti adzaweruze mlandu wanu, komanso mawu olembedwa mutapsa mtima amatha kukutengerani kukhoti.

Kusintha kwabwino nakonso kumafuna kufotokozedwa. Filimu ya zidole ya Anomalisa inasonkheredwa pa Kickstarter mu 2012, anthu 5,770 anapereka ndalama zoposa $400,000, ndipo pulani inali ya filimu ya mphindi pafupifupi 40. M'kati mwa ntchito inakula n'kukhala filimu yaitali, inalandira ndalama zina kuchokera kwina, ndipo inaonetsedwa koyamba mu 2015, patapita zaka zitatu. Inapambana mphoto ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice. Koma taganizani za munthu amene anapereka mu 2012: chimene anasonkhera si chimene chinatuluka, ngakhale chinatuluka choposa. Mukaganiza zotalikitsa filimu, kusintha mathero, kapena kulandira ndalama kwa kampani kapena bungwe limene lidzakhale ndi mawu pa filimuyo, osonkha amve musanasaine kapena mutangosaina, ndipo amve chifukwa chake.

Mauthenga okwiya adzabwera. Ayankheni pasanathe masiku awiri, mwaulemu, ndi mfundo. Munthu akalemba pagulu kuti "ndalama zathu munadya," muyankheni pagulu pomwepo mwachidule, mumulozere ku lipoti la ndalama, kenako mumuimbire. Musafufute funso lake pokhapokha ngati muli zotukwana, chifukwa ena analiona kale ndipo kufufutako adzakuona ngati kuvomera. Gwirizananinso pasadakhale chimene mudzachite wina akafuna ndalama yake ibwezedwe, kuti yankho likhale lofanana kwa aliyense, wa K2,000 ndi wa K200,000 yemwe.

Ngati mukufuna kupemphanso msonkhe wachiwiri womalizira, n'zotheka, ndipo ambiri amatero. Koma lipoti la msonkhe woyamba lituluke kaye, ndipo pempholo linene ndalama yeniyeni ndi ntchito yake yeniyeni, monga kusakaniza mawu. Munenenso momveka kuti amene sangathe kuonjeza sataya chilichonse mwa zimene analonjezedwa.

Nanga filimu ikakanikiratu? Malamulo a Kickstarter, monga anakonzedwera mu 2014, amati wolephera kumaliza alembere osonkha kufotokoza ntchito imene yachitika, mmene ndalama zinagwirira ntchito ndi chimene chikulepheretsa, ndipo abweze ndalama zotsala kapena afotokoze mmene zigwirire ntchito pomaliza mwa njira ina. Ngakhale msonkhe wanu unali wa pa Mpamba, muyeso umenewu ndi woyenera kuutsatira. Ku America boma linalowererapo kale pa nkhani zotere. Mu 2015 bungwe la Federal Trade Commission linatsegula mlandu wake woyamba wa msonkhe wa pa intaneti, wokhudza munthu amene anasonkhetsa ndalama zoposa $122,000 kuti apange masewera a pa tebulo, koma zambiri anagwiritsa ntchito pa lendi, kusamuka ndi zofuna zake.

Zikondwerero ndi ogula filimu

Filimu ikatha, pamabuka mkangano umene ambiri sauganizira. Osonkha akufuna kuonera lero, koma zikondwerero zikuluzikulu zambiri zimafuna filimu imene sinaonetsedwepo pagulu kapena pa intaneti. Ngati mukulinga ku Durban, ku Zanzibar kapena ku FESPACO ya ku Ouagadougou, imene imachitika kamodzi pa zaka ziwiri, werengani malamulo awo musanatumize link kwa aliyense, ndipo ngati sizikumveka alembereni muwafunse ngati kuonetsa osonkha mwachinsinsi kukuloledwa. Chikondwerero chikakusankhani chimathanso kukuletsani kulengeza iwo asanalengeze. Zonsezi afotokozereni osonkha miyezi ingapo zisanafike, kuti kudikirako akudziwe chifukwa chake.

Zimene zinachitika ndi filimu ya Zach Braff yotchedwa Wish I Was Here zikuonetsa pamene pamapwetekera. Mu 2013 anthu 46,520 anasonkha $3.1 miliyoni. Mu Januwale 2014 filimuyo inaonetsedwa koyamba ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance, ndipo kampani ya Focus Features inagula ufulu woigawa. Osonkha ena anadandaula poyera kuti anthu a pachikondwerero ndi atolankhani aonera iwo asanaone, pomwe ndalama yoyambira inali yawo. Panabukanso funso lakuti, filimu ikagulidwa, osonkha apezapo chiyani? Pa Kickstarter yankho ndi lakuti sapeza gawo la phindu. Amalandira zimene analonjezedwa basi. Inunso nenani zimenezi momveka kuyambira pachiyambi, makamaka kwa achibale ndi anzanu amene angaganize kuti anagula sheya. Ndipo ngati mukusaina ndi wogawa filimu kapena wailesi ya kanema, onetsetsani kuti m'panganomo mwalembedwa kuti muli ndi ufulu wopatsa osonkha kope lawo ndi kuwaonetsa. Mukaiwala chiganizo chimenecho, mudzapezeka kuti chimene munalonjeza si chanunso.

Kupereka zolonjeza

Gawo lomaliza limaoneka lophweka, koma lagwetsapo ngakhale akuluakulu. Filimu ya Veronica Mars inasonkhetsa $5.7 miliyoni kwa anthu 91,585 mu 2013, ndipo inatuluka pa 14 Malichi 2014, patangotha chaka. Wopanga wake, Rob Thomas, ankalembera osonkha pafupipafupi nthawi yonseyo. Koma pa tsiku lotuluka, kope la pa intaneti limene osonkha analonjezedwa linaperekedwa kudzera pa pulogalamu yoonera mafilimu yotchedwa Flixster, ndipo ambiri zinawakanika kutsegula kapena kuonera pa zipangizo zawo. Madandaulo anachuluka mpaka Thomas analemba kupepesa, ndipo kampani yogawa filimuyo ya Warner Bros. inavomera kubwezera ndalama amene anakagula filimuyo kwina.

Choncho njira yoperekera iyeseni isanafike kwa anthu. Ngati ndi link ya Vimeo yokhala ndi password, itumizeni kaye kwa anthu asanu osiyana: wa foni yotchipa ya Android, wa kumudzi kumene netiweki imadukaduka, wa kunja, ndi wachikulire amene sanazolowere zimenezi. Muone ngati ikutseguka komanso imadya bandulo yochuluka bwanji, ndipo nambala imeneyo muilembe mu uthenga kuti munthu akonzekere. Konzani kope lina lopepuka la amene intaneti yawo ndi yofooka. Lembani malangizo a mizere itatu ya mmene angatsegulire, ndipo sabata yoyamba pakhale munthu woyankha foni. Ngati mukuopa kuti filimu ipezeka kwa anyamata oika mafilimu m'mamemori kadi pamsika, perekani link yoonera yokhala ndi masiku owerengeka m'malo mwa fayilo yotsitsa, ndipo muwauze osonkha moona mtima chifukwa chake mwatero.

Kwa ambiri a kwathu, chimene amachiyembekezera kwenikweni ndi kuonera pamodzi mu holo. Lengezani tsiku pakadali masabata atatu kapena anayi, funsani amene abwere kuti mudziwe mipando, ndipo yesani projector ndi zokuzira mawu m'holo momwemo dzulo lake, jenereta ili pafupi. Amene ali kutali alandire link yawo tsiku lomwelo kapena lisanafike, asadzaone zithunzi za chisangalalo iwo alibe kanthu.

Za matisheti ndi maposita, funsaninso ma adiresi ndi masaizi mutatsala pang'ono kutumiza, chifukwa pa zaka ziwiri anthu amasamuka. Chongani m'kaundula muja aliyense akalandira, ndipo amene sakuyankha muwayese katatu pa njira zosiyana musanawasiye.

Zonse zikaperekedwa, tumizani lipoti lomaliza la ndalama, munene kumene filimu ikupita kuchokera apa, ndi tsiku limene gulu la pa WhatsApp litsekedwe. Mu uthenga womwewo funsani amene akufuna kudzamva za filimu yanu yotsatira kuti ayankhe kuti inde. Manambala ndi ma imelo a amene sanayankhe musawagwiritse ntchito pa china chilichonse, ndipo musawapereke kwa munthu wina ngakhale ndi mnzanu wopanga mafilimu amene akuyambitsa msonkhe wake.